Chingwe cha dengu la amayi

Dzanja lamanja la amayi linayamba kufooka m'dzinja, tiyi ataphukira kwambiri. Ndinayamba kuona ndine, chifukwa chimwalirireni bambo tinkakhala awiriwiri m'nyumba ya kampani. Kapu inkawapulumuka. Pomanga mpango ankathandizira ndi mano.

"Amayi, dzanjalo bwanji?"

"Ndi dzanzi chabe, Madalo. Usauze munthu, wamva? Akapitawo akadziwa kuti kuthyola tiyi kukundikanika, ntchito yatha, nyumbanso atilanda. Tikalowera kuti?"

Ine sindiyankhulayankhula, choncho kusunga chinsinsi sikunandivute. Chinandivuta chinali bata. Amayi anasiya kupita kukwaya poopa moni wa m'manja. Anzawo akaodira, ankandituma kukanena kuti agona. Tikaweruka tinkangokhala pakhonde, maso kuphiri, aliyense ndi maganizo ake.

Loweruka lina a Lines, amene amathyola tiyi limodzi ndi amayi, analowa osaodira. Anawapeza akulimbana ndi mpeni, chinangwa chili pansi.

"Iwe Estele, ukubisala ngati mtsikana wa sukulu woti ali ndi pakati! Taonetsa dzanjalo."

"Mwina ndi sitiroko," amayi anatero motsitsa mawu. "Mwinanso wina wandichita chipongwe."

"Mwina, mwina! Kodi unakhala dokotala liti? Madalo, tenga nsapato za mayi akozi, tikupita ku Boma."

Kuchipatala adokotala anawaona nkhope ndi miyendo, nanena kuti si sitiroko. Anawatsinzinitsa n'kumawakhudza mkono ndi thonje. Malo ena amayi sankamva kanthu. Kenako adokotala anaona mzere wakuda paphewa.

"Chakudulani apa n'chiyani, mayi?"

Amayi anangowerama. Ndinayankha ndine. Ndinati lamba wa dengu lomwe amabereka pothyola tiyi anaduka, ndiye anamangirirapo kachingwe ka nayiloni.

"Wachita bwino kunena," anatero adokotala. "Tamverani, mayi. Kuchokera ku ubongo ndi kumsana kumatuluka mitsempha yonga ulusi, yofika mpaka kunsonga za zala. Si ya magazi ayi, iyi imanyamula mauthenga. Ina imauza ubongo kuti apa pakutentha, apa pakubaya. Ina imauza minofu kuti gwira, tambasula. Ya dzanja imadutsa pakati pa khosi ndi phewa. Kachingwe kanu kakhala kakuifinya tsiku ndi tsiku, dengu likamalemera."

"Ndiye kuti lafa?"

"Silinafe. Mukanachedwa, bwenzi tikunena zina. Mitsempha imachira, koma mwapang'onopang'ono. Phewali lipume kaye."

Anawaphunzitsa kawongoledwe ka mkono ndi zala, nawalembera kuti apatsidwe ntchito yopepuka. Amayi sanafune kupita okha kwa akapitawo, choncho ndinawaperekeza.

"Zomwezi n'zimene mumabisa?" akapitawo anatero akupukusa mutu. "Mawa mukayambe kunazale."

Amayi anakhala miyezi ingapo akusamala mbande. Ine ndinasoka lamba watsopano, wotambalala, n'kumukutira ndi nsalu yofewa. Mvula ya chaka chotsatira itagwa, anabwerera m'munda wa tiyi, manja onse akuthyola. Nyumba sanatilande.

Dzanzi losatha, kubayabaya kapena kufooka kwa dzanja ndi phazi ndi chizindikiro chakuti mtsempha ukuvutika. Choyambitsa chingakhale chingwe, matenda a shuga kapena khate. Musabise ndipo musadikire. Pitani kuchipatala msanga, mtsempha usanawonongekeretu.