Foni Imene Mayi Mwanamvua Sanayankhe

Bambo Raymond Likoswe ndi akazi awo, mayi Ella, a ku Chikanda, ali ndi sitolo ya pa intaneti. Amagula zipatso za sitiroberi, uchi ndi kachewere kwa alimi a pa phiri la Zomba, n'kumagulitsa kwa anthu oitanitsa pa foni. Popeza anthu achipongwe anawapusitsapo, bambo Raymond anaika lamulo lakuti katundu asanyamuke wogula asanayankhe foni ndi kumveka mawu ake.

Lachinayi lina, mayi Mwanamvua a ku Songani, amene amaphika makeke, anaitanitsa sitiroberi zokongoletsera keke ya ukwati wa Loweruka. Bambo Raymond anaimba foni, koma inadulidwa. Kenaka panafika uthenga wakuti, "Chonde lembani. Makutu anga samva."

"Kamberembere uyu," anatero bamboyo. "Munthu wa vuto limenelo angadziwe bwanji za intaneti?"

Anawatumizira mawu ojambula owadzudzula, natseka nambala yawo, ndipo zipatsozo anazigulitsa kwa ena.

M'mawa mwake pakhomo panafika amayi awiri. Woyamba anali mayi Mwanamvua, nkhope ili gwa. Wachiwiri anali mayi Dyna, mlangizi wa za chisamaliro cha anthu, amene amadziwa chinenero chamanja. Bambo Raymond, mopanda mwambo, anawalandirira pa khonde ali chiimire. Mayi Ella ndi amene anathamanga kukatenga mipando.

Manja a mayi Mwanamvua anayamba kulankhula mwamphamvu, ndipo mayi Dyna ankamasulira.

"Akuti, ndinakulemberani mwaulemu, inu n'kunditumizira mawu ojambula. Munkafuna ndiwamvere ndi mphuno kodi? Ukwati ndi mawa. Ndinalonjeza eni ukwati keke ya sitiroberi. Ndikalephera, ndani adzandipatsenso ntchito ku Songani? Anthu adzati chalakwika ndi ulumali wanga, pamene chalakwika ndi mwano wanu."

"Mayi, auzeni kuti lamulo ndi lamulo," anatero bambo Raymond.

"Musayang'ane ine," anawadula mawu mayi Dyna. "Wogula ndi awa. Polankhula yang'anani iwowa, ndiwo ulemu wake. Tsono ndikufunseni: amene anakupusitsani aja, foni sankayankha?"

Bamboyo anaweramitsa mutu. "Ankayankha ndithu, ndi mawu okoma zedi."

"Ndiye lamulo lanulo lagwira wakuba uti? Lathamangitsa munthu woona mtima basi."

Mayi Ella anawomba m'manja mwaukali. "Bambo a Elsie, mwatichititsa manyazi. Dzulo ndinakuuzani kuti muwalembere, inu munati ndikhale chete."

Mayi Dyna anapempha foni, natsegula tsamba la sitoloyo. Mkwiyo wawo unakula.

"Taonani. Mitengo yonse mwailemba m'kati mwa zithunzi. Munthu wa vuto losaona ali ndi foni yomuwerengera mawu mokweza, koma mawu a m'chithunzi saapeza mosavuta. Kwa iye sitolo ino ndi chipinda chopanda kanthu. Mavidiyo anu alibe mawu olembedwa pansi. Zilembo n'zazing'ono ngati nyerere, zachikasu pa malo oyera. Mukanakhala ndi golosale pa msika, mukanaika mlonda wobweza anthu olumala pakhomo?"

"Ayi, mayi, sindingachite zimenezo."

"Koma apa mwachita."

Bambo Raymond anatembenukira kwa mayi Mwanamvua, nafunsa mmene amapepesera ndi manja. Mayi Dyna anawaonetsa. Bamboyo anayesa mopotoza, ndipo mayi Mwanamvua anawagwira dzanja n'kuliwongola, osamwetulira.

"Akuti, kupepesa amva, koma pa keke saikapo pepani. Akufuna zipatso zawo lero."

M'nyumbamo munalibe sitiroberi ngakhale imodzi. Bambo Raymond anakwera njinga yamoto ya kabaza ulendo wa kuphiri. Kumeneko kunali nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo alimi ambiri anali atagulitsa kale zipatso zawo. Anayenda munda ndi munda, matope m'mawondo, mpaka dengu linadzaza. Madzulo anakalitula yekha ku Songani. Loweruka keke inalowa mu holo ili psuu, ndipo amayi ena awiri anapempha nambala ya mayi Mwanamvua.

Sabata yotsatira banjali linakonza sitolo yawo. Dzina ndi mtengo wa katundu aliyense anazilemba m'mawu pansi pa chithunzi. Zilembo anazikulitsa, zakuda pa malo oyera. Mavidiyo anawaika mawu olembedwa. Wogula tsopano amasankha yekha, kuimbiridwa kapena kulemberedwa. Asanatsegule tsambalo, anapempha mayi Mwanamvua ndi bambo Nasoro, mphunzitsi wa vuto losaona, kuti aliyese. Bambo Nasoro anapeza zolakwika zina, zinakonzedwa, ndipo tsiku lomwelo anaitanitsa uchi okha, popanda wowathandiza.

Inu nonse ochita malonda pa intaneti, imvani. Munthu wolumala sakupempha chifundo, akufuna kugula monga wina aliyense, ndipo umenewo ndi ufulu wake. Lembani zonse m'mawu owerengeka. Perekani njira zingapo zolankhulirana. Ndipo musanalengeze kuti sitolo yanu ndi ya aliyense, afunseni eni akewo ngati akutha kulowamo.