Thumba la Pansi pa Bedi la Domeng

Mu wodi ya oikidwa impso, nkhani yonse ndi mkodzo. Ife ophunzira unamwino amatiponya usiku kuti tizigwada m'mbali mwa mabedi n'kumayeza zimene zadonthera m'matumba. Ntchitoyi ndinkadana nayo, osanama. Koma thumba likadzaza, ngakhale Ate Luzviminda, mkulu wathu wouma nkhope uja, ankayimba chapansipansi.

Thumba la Domeng linali louma. Domeng ankanyamula anthu panjinga yamoto ku Marikina, ndipo impso imene anamuika dzulo lake inali ya mayi ake, Aling Pacita, amene anagona chipinda china ndi bala lawo. Madokotala anati magazi sakulowa bwino mu impsoyo, ndipo ikapanda kudzuka pofika m'mawa aichotsa.

Abale anali atatichonderera kale, monga achitira mabanja onse, kuti mayiwo asamve kanthu. Ndiye ndikalowa kukawayeza, iwo n'kufunsa ngati mwana wawo wakodza, ndinkangoti ali mtulo, madokotala akumuyang'anira. 

Mayiwo anali anthabwala. Anati impso yawoyo ndi yaulesi ngati mwini wake, siidzuka isanamve fungo la khofi.

"Mwanangu, ukakagwada uko uinong'oneze kuti ndakutuma ndine. Imandimvera imene ija."

Ndinakainong'onezadi, uchitsiru wake womwewo, chigubu choyezera chili m'manja. Sipanadonthe kanthu.

Chakum'mawa Ate Luzviminda anati ndiwayendetse Aling Pacita pakhonde, poti wopereka impso ayenera kuyenda msanga kuti magazi asaundane m'miyendo. Ndinawakhotetsera kumanzere dala, iwo anakokera kumanja, kumene kunali mwana wawo. Munthu wosokedwa pamimba sungalimbane naye. Titafika pagalasi la chipinda cha Domeng, sanayang'ane nkhope ya mwana wawo. Maso anangolunjika pansi pa bedi. Zaka zonse zogonera m'zipatala ndi mwanayo zinali zitawaphunzitsa poyang'ana.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, atagwira bala lawo. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo ndinachita manyazi kuti wolira ndine.

"Kaitane dokotala," anatero. "Ndili nayo ina."

Ndinawauza kuti palibe dokotala angavomere, munthu sakhala wopanda impso.

"Ndikudziwa, mwanangu. Iwe kangomuitana."