Malo Amodzi, Osambira Awiri

Chawanangwa Mhango anaphunzira kusambira ali wamng'ono, pa kalabu ina ku Area 3 komwe bambo ake, a Felton, ankakacheza Loweruka ndi anzawo a ku Capital Hill. Atamaliza sekondale, koleji ina ya ku America inamutenga chifukwa cha liwiro lake m'madzi. Kumeneko ankalawirira kudziwe losambiramo kunja kukuzizira koopsa, n'kumakalowa m'kalasi tsitsi lisanaume. Anaimirira Malawi ku Cairo, ku Budapest ndi kwina. Mendulo sanaipatepo, koma dzina lake likangotchulidwa, a Felton ankaimbira abale onse mpaka ku Rumphi.

Atamaliza digiri anabwerera kwawo ku Area 15, phewa lakumanja likumuvutitsa. Kunali kukubwera mpikisano waukulu wa kunja, ndipo malo a akazi anali amodzi okha. Aliyense ankati ndi ake.

Tsiku losankha, pambali pake panaima Asiya, mwana wa telala wina wa ku Old Town, mtsikana wa fomu folo amene anali asanakwerepo ndege. Wezulo italira, Chawanangwa anatsogola monga mwa masiku onse. Koma atatembenuka kukhoma anaona mkono wa Asiya ukubwera, ndipo pofika kumapeto mtsikanayo ndiye anayamba kukhudza khoma.

Chawanangwa anagwira chingwe cholekanitsa osambira, akupumira m'mwamba, n'kumadikira kuti mtima umupweteke. Sunamupweteke. Anangomva kupepuka, ngati munthu amene watula mtolo womwe anaiwala kuti wausenza.

Akupukuta kumaso, kunabwera a Gladson, wapampando wa komiti yosankha.

"Musade nkhawa, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Malamulo amatilola kuona mmene mwakhala mukusambirira chaka chonse. Kunja kuja munkathamanga kuposa apa. Malo akadali anu mukawafuna."

Pobwerera, galimoto inaima pamzere wautali pafupi ndi mlatho wa Lilongwe. A Felton anali atamva zonse, ndipo nkhope yawo inali itawala.

"Ndiye basi, Chawa. Phewalo tikalionetsa kwa dokotala, upitenso."

"Adada, sindipita."

"Ukumumvera chisoni mwana uja? Nthawi yake idzakwana."

"Si chisoni ayi. Atandipitirira ndinasangalala. Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinasiya liti kukonda zimenezi, koma sindikukumbuka. Mwina kalekale ndili ku koleji. Ndinkangopitiriza poti inu munkanyadira, ndipo panalibe wina woti n'kupita."

Bambo ake anayang'anitsitsa minibasi yomwe inali kutsogolo kwawo. Patapita kanthawi anafunsa kuti, "Ndiye kuti ndinkakukakamiza?"

"Ayi. Munkangondidikira pageti ndi thaulo. Ndikanayamba bwanji kukuuzani kuti ndatopa?"

Mlungu wonsewo bambo ake nkhaniyi sanaitchulenso. Chawanangwa anaimbira a Gladson kuwauza kuti malowo akhale a Asiya, kenako anayamba kufunafuna ntchito ku City Centre. M'mawa ankadzukabe molawirira, thupi litazolowera, n'kumangokhala pakhonde kuonerera antchito a m'nyumba za anthu akudutsa panjinga kuchokera kumidzi. Masiku ena ankalakalaka kwambiri kusambira. Masiku ena ayi.

Asiya anabwera yekha Lamlungu lina masana, atachita kufunsira nyumba. Anakhala kunsonga kwa mpando, manja ali pamaondo.

"Asisi, ndili ndi mantha. Kumenekoko kumakhala bwanji?"

Chawanangwa sanamubisire. Anamuuza za kachipinda kodikiriramo komwe aliyense amakhala chete, za akazi ataliatali amene sakuyang'ana n'komwe, ndiponso kuti mwina adzamaliza kumapeto ndithu.

"Nanga ndipitirenji?"

"Ukufuna kupita?"

Asiya anaganiza pang'ono. "Ndikufuna kwambiri."

A Felton, omwe ankamvetsera ali pakhomo, analowa n'kumufunsa mtsikanayo ngati anali ndi pasipoti. Analibe. Iwo anati m'mawa mwake adzamutenga pagalimoto pamodzi ndi bambo ake, popeza ku ofesi ya mapasipotiko ankadziwa khomo loyambira.