Famase ya Pakona

Chipale chofewa chinayamba kugwa masana, ndipo ana asanaweruke kusukulu, wailesi inalengeza kuti msewu waukulu watsekedwa. Wendell anagwedeza kabotolo ka mankhwala opopera a mwana wake Junie, wodwala mphumu. Munalibe kanthu. Pampando, chifuwa cha mwanayo chinali chitayamba kulira ngati wenzulo.

Mkazi wake, Marisol, anali msilikali, ndipo anali atatumizidwa kutsidya la nyanja. Wendell naye anali mwana wa msilikali. Chibadwire, mankhwala ankalandirira pawindo la chipatala cha kukampu basi. Koma kampuyo inali kutali, ndipo njira yake inali msewu wotsekedwawo.

Wendell akupala chipale pagalimoto, anatulukira Mayi Kessler oyandikana nawo nyumba, namwino wa asilikali apamadzi wopuma ntchito.

"Ulendo wakuti, bambo a Junie, kunja kuli chonchi? Mukufuna Marisol abwerere kudzakhuza maliro?"

"Kukampu, mayi. Mankhwala a mwana atha."

"Nanga famase ya pakonayi yapsa?"

"Imeneyo ndi ya anthu wamba. Khadi lathu la inshuwalansi ya asilikali silingagwire ntchito kumeneko."

Mayi Kessler anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Anakunamizani ndani? Malamulo a zachitetezo amalola mabanja a asilikali kutenga mankhwala m'mafamase a kufupi, bola akhale amene ali pamgwirizano ndi inshuwalansi yanu. Si onse ayi, n'chifukwa chake mumayamba mwafunsa. Thamangani, ndevu zanuzo! Mwana ndikhala naye ine. Zikavuta ndiitana ambulansi."

Ku famase, mtsikana wopereka mankhwala anayang'ana khadi lija, n'kugwedeza mutu movomereza.

"Tili pamgwirizano, bambo. Ndiimbe foni kukampu kuti atitumizire zimene adokotala analemba. Mungoonjezerapo kangachepe."

Wendell anangoti kukamwa yasa. Anakumbukira chaka chathachi, pamene galimoto inaterereka n'kugwera m'ngalande akupita kukampu, Junie akukuwa kumbuyo. Tsiku limenelo anali atadutsa pakhomo la famase yomweyi.

Pasanapite nthawi anali atafika kunyumba. Junie anapopera kawiri, ndipo pang'onopang'ono wenzulo uja analeka.

"Mwaona?" anatero Mayi Kessler. "Mukasamukira kumalo atsopano, funsani msanga famase imene imalandira khadi lanu, mwana asanadwale. Ufulu umene simukuudziwa sungakuthandizeni. Mukawauzenso anzanu."

 Wendell anangoyang'ana makiyi a galimoto amene anali akadali m'manja mwake. Mayi Kessler anamulanda makiyiwo, n'kuwakoloweka pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Kenaka anakweza kolala ya jekete lawo, n'kutuluka, kulowa m'chipale muja.