Matikiti a Mapointi

Sisi Felista ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Akagula zakudya za abwana ake, mapointi a pakhadi la sitolo ankamusiyira iye, ndipo anawasunga zaka. Mu Juni 2008 anawasinthanitsa ndi matikiti awiri a basi yopita ku Joniko, yanga ndi ya Baba, n'kulipiranso inshuwalansi ya ulendo. Anansi athu ku Waverley, mu Kadoma, tinawauza kuti tikupita ku holide, koma tinkathawa chisankho chachibwereza. Anyamata a chipani anali atayamba kale kugogoda m'makomo mwa mabhurandaya, monga ankatitchulira ife a makolo a ku Malawi.

Basi inkanyamukira ku Harare masana. Kombi yathu itafika pa Chegutu, Baba anauza dalaivala kuti aime.

"Baba, si pano," ndinanong'ona.

"Amako agona pa famu paja. Munthu sawoloka malire osatsazika kumanda."

Famuyo, imene Baba ankagwirapo ntchito kwa mzungu, inali italandidwa kalekale. Tinadzera kuseri kwa mashedi a fodya. Baba atangogwada, panatulukira anyamata anayi a zibonga.

"Mudhara, mzungu wanu wakutumani kudzakumba chiyani?"

Anatikhazika padzuwa n'kumatiimbitsa nyimbo zawo. Baba Chishona chimawavuta, ndiye akaphonya mawu onse ankafa ndi phwete. Mmodzi yekha, wamtali, sankaseka. Ankangondiyang'ana.

"Kasisi aka kamakhala kuti?"

"Ku Waverley, bwana, kuseri kwa chigayo," Baba anayankha. Mpaka lero sindidziwa ngati anadzimva okha.

Anatimasula dzuwa litapendeka. Basi inali itapita, ndiye tinabwerera kunyumba.

M'mawa mwake ndinapita m'tauni ya Kadoma kukaimbira Sisi foni.

"A inshuwalansi ndalankhula nawo," anatero. "Akuti amabweza mari imene munthu walipira. Ine ndinalipira mapointi, ndiye akuti palibe chobweza."

"Nanga mapointiwo?"

"Apita ndi basi, Mwaiwawo. Mwini basi akuti mipando yanu inalipo, simunabwere ndinu."

"Sisi, Baba awauza anyamata a pa famu aja kumene timakhala."



"Pirirani, mng'ono wanga. Ndikalandira kumapeto a mwezi ndiona chochita."

Chisankho chinali Lachisanu sabata yomweyo.

Pobwerera ndinadzera njira ya kumsika kuti ndisakumane ndi anthu. Nditakhota pa chigayo, ndinaima. Wamtali uja anali atakhala pakhonde la chigayocho, akudya nzimbe, maso ali pa chitseko chathu. Analavula zotafuna n'kundikodola.

"Kasisi, holide yatha kale?"