Mundisiyire Mipira Yanga

Chaka chomwe ligi ya matauni a nzimbe inayamba kujambula masewera ake a besibolo, Wilfrido Encarnación zinamuipira. Iyeyu ndiye ankalonda pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu, pomwe mipira yokwawa imadutsa ngati mbewa zothawa lupsa, ndipo ankadzitama kuti mpira sunapulumukepo m'golovesi lake. Sankanama. Koma tsopano a ligi anatumizira kochi, Don Eleuterio, chithunzi cha bwalo chosonyeza dera lomwe wosewera aliyense amafikako akamathamangira mpira.

Kochi anamuonetsa Wilfrido chithunzicho pafoni ali pagolosale ya pakona, pomwe timu inkamenyera domino.

"Chachikulu chobiriwirachi ndi dera la mnzako wa m'ligi muno, wapakatikati chabe, osati katswiri. Kachikasuka ndi iweyo."

"Kali pati?"

"Wakaphimba ndi chala."

Anyamata anaseka mpaka tebulo kugwedezeka.

"Koma Don Eleu, ndi liti ndinagwetsapo mpira ine?"

"Ungagwetse bwanji chinthu chomwe sunachikhudze? Inenso sindinagwetsepo ndege. Lamlungu lino dera likapanda kukula, ukupita ku besi yoyamba."

Ku besi yoyamba! Kumene amatayako a mimba ndi a mawondo olira, ongoima n'kumawakha mipira yowaponyera anzawo! Wilfrido anakwera njinga yake yamoto ya kabaza mutu uli gwa, ndipo sabata yonse ankapitiriza makasitomala pomwe amayenera kutsika, maganizo ali pa kachikasu kaja. Kenako anamupeza wolakwa. Pachithunzipo, dera la Anselmo wa ku besi yachitatu, yemwe ankatchulana naye kuti kompadre poti anamuimira mwana paubatizo, linali litasefukira mbali yake ngati dzungu la kwa aneba.

Anamupeza akudya nthochi zosinja ndi soseji ya salami.

"Kompadre, ndinu wakuba."

"Ndaba chani, amwene? Khalani pansi, idyani."

"Mipira yanga. Ikamabwera kwa ine, inu mumadumphira kutsogolo n'kuitola. Dera lanu lanenepa ndi chakudya changa."

Anselmo anatafuna kaye. "Ndimayesa ndikukuthandizani."

"Ndinakupemphani? Lamlungu muime panu. Mumuuzenso Yeison wa ku besi yachiwiri, nayenso dzanja lake ndi lalitali."

"Mwatsimikiza, kompadre?"

"Mundisiyire mipira yanga, basi."

Lamlungu anamusiyiradi. Mpira woyamba unakwawira kudzanja lake lamanja. Anselmo anagwira m'chiuno n'kumaupenya ngati basi ya kwina. Wilfrido mutu unanyamuka bwinobwino, koma miyendo inachita kufunsana kaye, ndipo pomwe inkagwirizana mpira unali kale ku udzu wakunja. Wachiwiri unadutsa kumanzere, Yeison akukonza chipewa. Wachitatu anaudumphira ndithu, mimba pansi, fumbi koboo, mpira utadutsa kalekale.

"Ukanabwera ndi njinga, Wilfri!" anakuwa wogulitsa mtedza.

"Musiyeni mwamuna wanga!" anayankha mkazi wa Wilfrido, Miguelina, ali pansi pa ambulera. "Kunyumbanso sathamangira kanthu!"

Timu ya alendo itagoletsa kokwanira, anyamata a Don Eleuterio anabwerera pabenchi. Wilfrido anakhala pafupi ndi Anselmo, maso ali kutsogolo.

"Kompadre, zakuba zija munayamba liti?"

"Chaka chomwe munayamba kumanga bondo."

"Kalekale chonchi? Osandiuza?"

"Munkasangalala, amwene. Komanso a timu ya mumzinda anaona dera langa, akuti ndikayesedwe kwawo. Ndiye zikomo."

Wilfrido anafuna kukwiya, koma mpweya unali usanabwerere. Anayang'ana kochi. Don Eleuterio anali kalikiliki kusenda lalanje, ngati palibe chomwe waona.

"Don Eleu, mwalemba kuti ndagwetsa ingati lero?"

"Ngakhale umodzi. Mbiri yako ikadali yoyera ngati mkanjo wa abambo mfumu."

Wilfrido anadzuka, nakapisa m'chikwama cha timu, natulutsa golovesi lalikulu la ku besi yoyamba, lonunkha thukuta la madala onse omwe analivalapo. Analiyesa. Linamukwana mochititsa manyazi.

"Sikuti mwandichotsa," anatero. "Ndapita ndekha."

"Tonse taona," anayankha kochi.

Atafika pamalo pake patsopano, anaponda besi, nakuwira kutsidya la bwalo:

"Kompadre! Muziponya pachifuwa penipeni, mwamva? Kunonso sindikufuna zoyendayenda!"