Msana wa Apongozi

Hilda anatsika basi ku Karonga m'mawa, dzuwa litayamba kale kuluma, mapazi atatupa moti nsapato anangoziponda kuchidendene. Ulendo wonsewu wochokera ku Lilongwe anauyendera mawu ochepa: ukwati wake ndi Gordon unatha. Gordon anali atasamukira kwa mkazi wina, koma bambo ake kuno kunyanja sanawauze. "Ndiwauza," ankatero pafoni, mpaka Hilda anatopa kufunsa. Nkhalambayo inkangotumizabe mpunga wa kilombero ndi usipa pa basi, ndipo mpungawo unali utayamba kumuima Hilda pakhosi. Anafuna akanene yekha, akwere basi ya masana, abwerere.

Chovuta chinali chakuti kwa Ankhonde mkazi sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna. Salankhula nawo, ngakhale dzina lawo salitchula. Mabanja ambiri anazisiya zimenezi, koma a Mwakilama, bambo ake a Gordon, sanazisiye. Hilda, mwana wa ku Dedza, ankawadziwa pa chithunzi chaukwati chokha, pomwe chipewa chinawaphimba mpaka pamphuno. Iye anali atakonza zoti mawu ake adzere mwa mlamu wake Towera. Atafika pampanda wa nyumba n'kuodira, anapeza kuti Towera kulibe.

A Mwakilama anali pabwalo atamufulatira kale, atavala jekete pa kutentha konseko. Anatsokomola, n'kuyamba kulankhula ndi nkhuku imene inkapalasa pafupi ndi mtondo.

"Iwe nkhuku, uwauze alendo kuti ndaga, afika bwino. Towera wapita ku Wovwe kukamweta mpunga, ndipo foni yake kumeneko siigwira. Uwauzenso kuti tiyi ali pakhonde. Akamwa, tikaone tauni. Mwana wanga uja analonjeza kalekale kuti adzawaonetsa kwathu, sanachite. Ndichita ndine."

Hilda anayang'ana nkhukuyo. Kodi munthu angathetse ukwati kudzera mwa nkhuku? Anamwa tiyi.

Ananyamuka, nkhalamba patsogolo, iye pambuyo, pakati pawo mpata woti ngolo ingadutse. A Mwakilama anali msodzi kale, maondo asanawakane, ndipo masiku ano ankaperekeza alendo ofuna kuona zakale. Ankayenda ngati munthu amene msewu ndi wake. Pa mlambe waukulu anaima, nauza woyendetsa kabaza amene ankapuma pamthunzi kuti auze alendo za mfuti yaikulu imene akuti inakwezedwa mumtengomo nthawi ya nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani. Wakabazayo anamvetsera pang'ono, kenako anapeza wokwera, n'kupita naye nkhani ili pakati. A Mwakilama anaimalizira kwa mlambe.

Hilda ankamva theka. Thukuta linkatsikira kumsana, ndipo maso ake analibe pena pogwera koma pakhosi la jekete, pomwe ulusi unayamba kutothoka, ndi pamakutu aja otambalala ngati a Gordon. Ankabwereza mawu ake mumtima. Pa basi anali atawakonza bwino, aulemu, osaneneza munthu. Tsopano ankasungunuka limodzi limodzi.

Kugombe kunali fungo la usipa ndi utsi. Mabwato anali atakokedwa pamchenga, asodzi atagona m'mithunzi yake nsalu kumaso. Pakati pa mathandala oyanikapo nsomba panali mayi wonenepa wovala mpango wobiriwira, akutembenuza usipa ndi dzanja.

"Fatima!" anaitana a Mwakilama. "Bwera undigwirire ntchito. Uwauze alendo kuti zitsulo zikuoneka m'madzimo ndi pomwe sitima zinkakocheza."

"Baba, mwayambanso? Ine ndine telefoni yanu?" Fatima anasuzumira kumbuyo kwa nkhalambayo, n'kuwomba m'manja. "Eee, ndiye apongozi anu amenewa? Achemwali, pepani. Ine kwathu ndi ku Mangochi, apongozi anga timadyera mbale imodzi, timatukwanizana bwinobwino. Kuno ndinapeza anthu akuthawana ngati wina ali ndi chifuwa."

"Uwauze za sitima."

"Amva, baba, makutu ali nawo. Achemwali, inu mulibe choti ndiwauze? Nenani, lero ndi ulere. Muwauze kuti jekete imeneyi avule asanatifere pano."

Hilda anatsegula pakamwa. Mpata unali umenewu: munthu wamoyo, wa pakamwa pofulumira. Koma amayi ena awiri anali atasiya kale ntchito n'kuyandikira, ndipo msodzi mmodzi anavundukula nsalu kumaso. Nkhaniyo ikanafika ku Songwe iye asanafike kudepoti, ndipo nkhalambayi imadutsa pagombe pano tsiku lililonse.

"Muwauze kuti nyanja yawo ndi yokongola," anatero.

"Basi? Ulendo wonse wa ku Lilongwe?" Fatima anatembenuka. "Baba, akuti nyanja yanu ndi yokongola. Mwana wanu bwanji sanabwere? Kapena akuopa kuti timupatsa nkhafi apalase?"

"Ntchito," anayankha a Mwakilama. "Ntchito chomene."

Anachoka kugombe ndi kanjira kodutsa m'minda ya chinangwa. Nkhalamba inali itayamba kukoka mwendo, koma sinafune kupuma. Hilda analakalaka atangokhala pansi pomwepo. Anaganiza zongobwerera osanena kanthu, n'kumalandirabe mpunga mpaka mmodzi wa iwo atamwalira. Zinali zotheka. Gordon ndi mmene ankakhalira moyo wake wonse, ndipo sankaoneka woonda.

Malo omaliza anali manda a asilikali, ozunguliridwa ndi kampanda kafupi. Munalibe munthu, ngakhale mbuzi. A Mwakilama anayang'ana uku ndi uku kufuna wowatumira, kenako anavula chipewa, n'kuima pamaso pa mwala umodzi.

"Bwana Mjeremani, pepani kukudzutsani. Muwauze alendo kuti inu munabwera kudzamenyana ndi Angerezi kuno, kutali ndi amayi anu, ndipo simunabwerere. Muwauze kuti awo munkawombana nawo agona apo, ndipo simunakanganenso. Muwauzenso kuti akhoza kukhala pakampandapo. Ndamva mmene akukokera nsapato."

Hilda anakhala. Simenti inali yotentha, koma miyendo inathokoza. Anayang'ana mwalawo, dzina lalitali losatchulika, ndipo anaona kuti pa anthu onse a ku Karonga uyu yekha ndiye sakanakaulula kumsika.

"Bwana Mjeremani," anatero. Msana wa jekete unauma gwa. "Muwauze bambo kuti ndathokoza tauni. Koma sindinabwerere tauni. Muwauze kuti mwana wawo anachoka pakhomo. Ali ndi mkazi wina, ndipo ine sindikumudikiranso. Ankhoswe akudziwa. Iye anati adzanena yekha, sananene. Mpunga uja asamavutikenso kutumiza."

Zaulemu zonse za pa basi zija sizinatuluke. Kutali kunkamveka injini ya boti ikukana kulira.

A Mwakilama anazungulitsa chipewa m'manja. Atayamba kulankhula, analankhula Chinkhonde, motsitsa, ndipo Hilda anangotolapo dzina la Gordon. Kenako anabwerera ku Chichewa.

"Bwana, muwafunse. Anawamenya?"

"Ayi."

"Anawasiya ndi pogona?"

"Nyumba ndimalipira ndine."

"Ndiye chitsiru chinangonyamula thupi lake." Anapumira m'mwamba. "Pa Khirisimasi anandiimbira. Ndinamufunsa za kunyumba, anati zonse zili bwino. Ndinamva mwana akulira kumbuyo, ndinati mwina ndi wa aneba."

Hilda sankadziwa za mwanayo. Anadikira kuti chimupweteke, koma thupi linali litatopa kwambiri moti nkhaniyo inangofika n'kukhala pambali pake, kudikira nthawi yake.

Anaimirira, n'kukutumula siketi. Panali chinthu chimodzi chimene anachiwerengera bwino pa basi, ndipo chinkamusangalatsa pang'ono: ukwati ukatha, upongozi wathanso. Palibenso chothawirana. Kwa nthawi yoyamba analankhula molunjika.

"Bambo, tsopano mukhoza kutembenuka. Sindinenso mpongozi wanu."

Anayenda kuzungulira manda kuti akaime patsogolo pawo. A Mwakilama, ndi maondo awo okana aja, anatembenuka naye limodzi, pang'onopang'ono, msana uli kwa iye, mpaka anayang'ana kumpanda.

"Bwana Mjeremani," anatero, "muwauze kuti amene wasiya mkazi ndi Gordon. Ine sindinasiye munthu. Ndinalandira mpongozi mmodzi, ndipo ndikumuopabe. Winayo akadzabwera ndidzamuyang'ana m'maso ngati wogulitsa tomato."

Hilda anaima pomwepo. Akanatha kuthamanga masitepe ochepa n'kuwaona nkhope. Nkhalamba sikanamupitirira liwiro. Anayang'ana khosi lija, lonyowa ndi thukuta, likugwedezeka pang'ono. Anazindikira kuti ngati awazungulira, apeza munthu akulira, ndipo adzakhala atawalanda chokhacho chimene anatsala nacho choti amupatse.

Anabwerera kumbuyo, n'kusiya mpata uja woti ngolo ingadutse.

"Bwana," anatero kwa mwalawo, "muwauze kuti basi yanga inyamuka posachedwa, ndipo njira ya kudepoti sindikuidziwa."

A Mwakilama anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete, anavala chipewa, n'kutsogola.